Mkono Umene Timasambitsa: Mbiri ya Momwe Anthu Anaudziwira ndi Kuujambula



M'mwezi uno wa Ramadhan manja athu sachedwa kubwerera kumadzi. Timachita wudhu mbandakucha tikatha daku, masana, madzulo, ndiponso usiku tisanaime pa tarawehe. Madzi amatsika kuchoka kunsonga za zala mpaka m'chigongono, kumanja kenako kumanzere, monga tinaphunzirira ku madrasa. Malire a pachigongonowo anatchulidwa mu Surat Al-Maida ndime 6. Lero tikufuna tikambe za chigawo chimenechi cha thupi, kuyambira pachigongono kufika polumikizira dzanja, ndi momwe anthu anavutikira zaka zikwizikwi kuti adziwe zam'kati mwake n'kuziika papepala. Mwana wa sukulu akatsegula buku la sayansi amachipeza chithunzi cha mkono chili choyera bwino, minofu yofiira, mayina ali m'mbali. Chithunzi chimenecho sichinabwere chokha. Panali wina amene analimba mtima kuyang'ana, ndipo panali wina amene mkono wake unang'ambidwa.

Zomwe zili pansi pa khungu

Tambasulani mkono, chikhatho chiyang'ane kumwamba ngati mukuchita dua. Pamenepo mafupa awiri a chigawochi agona moyandikana ngati njanji. Fupa la mbali ya chala chachikulu madokotala amalitcha radius, la mbali ya kachala kakang'ono amalitcha ulna. Tsopano tembenuzani chikhatho chiyang'ane pansi ngati pa sijida. Fupa la radius lazungulira n'kupingasa pamwamba pa linzake. Kutembenuka kumeneku n'kumene kumatitheketsa kutsegula loko, kupotokola mpopi ndi kufikitsa chakudya kukamwa.

Mafupa awiriwa akutidwa ndi minofu pafupifupi 20. Gwirani mkono wanu pafupi ndi chigongono n'kumagwedeza zala: mumva minofu ikusuntha pansi pa khungu, kutali ndi zalazo. Mphamvu yaikulu yopindira zala imachokera kumeneko, ndipo imafika kunsonga kudzera m'mitsempha yolimba yonga zingwe. Kupingasa kwa mafupa ndi zingwe zimenezi ndi zomwe zinavutitsa ojambula kwa nthawi yaitali.

Mkono ngati muyezo

Anthu anayamba kuujambula mkono asanadziwe zam'kati mwake. Mwa zilembo za zithunzi za Aiguputo akale munali chilembo cha mkono wotambasuka, kuyambira pachigongono kufika kuzala. Mkono womwewo unali muyezo wa dziko lonse. Muyezo wachifumu unali wa masentimita 52 ndi pang'ono, ndipo unkagawidwa m'zikhatho 7 kapena zala 28. Ndodo zoyezera zolembedwa magawo amenewa zinapezeka m'manda ndipo zina zikusungidwa ku Turin ndi ku Paris. Piramidi yaikulu ya ku Giza inamangidwa mikono 440 mbali iliyonse ndi mikono 280 kupita m'mwamba. Nawonso agogo athu ankagula nsalu poyeza ndi mkono, ndipo Aluya muyezo womwewu amautcha dhira.

M'chaka cha 861, mu ulamuliro wa Khalifa al-Mutawakkil, pachilumba cha Roda ku Cairo panamangidwa chitsime choyezera madzi a mtsinje wa Nile. Pakati pake anaimika chipilala cha mwala chodindidwa mikono. Madzi akafika mikono 16, anthu ankadziwa kuti minda ithiriridwa ndipo chakudya chipezeka. Sungani nambala imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Galen ndi anyani ake

Amene anayamba kulemba mwatsatanetsatane zam'kati mwa mkono, n'kukhala zolemba zake zapulumuka, ndi Galen, dokotala wachigiriki wobadwira ku Pergamon m'chaka cha 129. Ali wachinyamata ankasoka mabala a anthu omenyana ndi malupanga m'mabwalo a masewera, kenako anakakhala dokotala wa mafumu ku Rome. Buku lake lalikulu lofotokoza ntchito ya chiwalo chilichonse analiyamba ndi dzanja ndi mkono, pofuna kusonyeza kuti chiwalo chilichonse chinapangidwa mwanzeru ndi cholinga.

Luso lake limaoneka pa nkhani ya munthu wina wophunzira, dzina lake Pausanias, amene zala zake zitatu zinachita dzanzi. Madokotala ena ankapaka mankhwala pazalapo koma osathandiza. Galen atamufunsa, anamva kuti munthuyo anagwa pangolo n'kumenyetsa msana chakumtunda. Iye anadziwa kuti minyewa ya zala imachokera kufupi ndi khosi n'kutsika ndi mkono, choncho anasiya zala n'kusamalira pamene panamenyedwapo, ndipo munthuyo anachira.

Koma Galen anali ndi vuto limodzi. Mwambo wa nthawi yake sunkalola kung'amba mitembo ya anthu, ndiye ankang'amba nyama, makamaka anyani a kumpoto kwa Africa. Mkono wa nyani umafanana ndi wathu, koma si wathu. Zina zimene anaona m'nyama anazilemba ngati za munthu, ndipo chifukwa dzina lake linali lalikulu, zolakwikazo zinakoperedwa pamodzi ndi zolondola kwa zaka zoposa 1,000.

Mkono wa m'mawu

M'zaka za m'ma 800, mabuku a Galen anamasuliridwa m'Chiarabu ku Baghdad. Mtsogoleri wa ntchitoyi anali Hunayn ibn Ishaq, Mkhristu amene ankagwira ntchito pansi pa makhalifa, ndipo anamwalira mu 873. Ntchito yawo inali yosamala kwambiri moti chigawo chomaliza cha buku lina la Galen, lophunzitsa kang'ambidwe ka thupi, chinatayika m'Chigiriki n'kupulumuka m'Chiarabu mokha.

Ibn Sina anamaliza buku lake la al-Qanun mu 1025. M'menemo anaulongosola mkono ndi mawu, koma mawu ake ndi omveka ngati chithunzi. Mafupa awiri aja anawatcha zand lakumtunda ndi zand lakumunsi. Anafotokoza kuti la mbali ya chala chachikulu n'locheperapo ndipo ntchito yake ndi kutembenuza mkono, pamene la mbali ya kachala kakang'ono n'lokulirapo chifukwa limanyamula linzake ndipo ndi lopindira ndi kutambasulira chigongono. Anaonanso kuti mafupa onse awiri ndi owonda pakati pomwe pali minofu yambiri, koma ndi onenepa kumapeto komwe kuli mfundo. Bukuli linamasuliridwa m'Chilatini ku Toledo m'zaka za m'ma 1100 ndipo linaphunzitsidwa m'mayunivesite a ku Ulaya kwa zaka mazana angapo. Namwino akamafufuza mtsempha wotengapo magazi pamkono wanu, mitsempha iwiri ikuluikulu imene anaphunzira imatchedwa basilic ndi cephalic. Mayina amenewa analowa m'Chilatini kudzera m'mabuku a Chiarabu.

Komabe zambiri mwa izi zinali zotengera kwa Galen. Ibn al-Nafis, dokotala wa ku Damascus ndi Cairo amene anamwalira mu 1288, analemba poyera kuti malamulo a chipembedzo ndi chifundo cha mumtima mwake zinamuletsa kung'amba mitembo. Ngakhale zinali choncho, anatsutsa Galen pa nkhani ya momwe magazi amadutsira m'mapapo, ndipo iye ndiye analondola.

Phiri la mafupa ku Cairo

M'chaka cha 1200 madzi a Nile sanafike n'komwe mikono 13 pachipilala cha ku Roda chija. Minda inauma, ndipo kunagwa njala yoopsa imene inapitirira mpaka 1202. Mumzindamo munali mphunzitsi wochokera ku Baghdad, Abd al-Latif al-Baghdadi, amene ankaphunzitsa mabuku a Galen. Ophunzira ake ankavutika kumvetsa mafupa pongomva mawu. Atamva kuti pamalo otchedwa al-Maqs pali chulu cha mafupa a anthu, anapita nawo kukaona.

Kumeneko anaona ndi maso ake momwe mafupa amalumikizirana. Galen analemba kuti nsagwada yam'munsi ndi mafupa awiri olumikizika pachibwano. Abd al-Latif anayang'ana zigaza zoposa 2,000, anapemphanso anzake kuti ayang'ane paokha, ndipo onse anapeza fupa limodzi. Analemba zimenezi mwaulemu, osanyoza Galen, koma ananena momveka kuti zimene maso aona n'zodalirika kuposa zimene makutu amva. Nkhaniyi si ya mkono mwachindunji, koma ndi pamene pakhota mbiri yathu yonse. Ndipo taonani amene anali aphunzitsi ake tsiku limenelo: anthu osauka amene sanapeze ngakhale wowaika m'manda.

Zithunzi za ku Shiraz

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, dokotala wa ku Shiraz, Mansur ibn Ilyas, analemba m'Chiperezi buku lotchedwa Tashrih-i badan-i insan, n'kulipereka kwa Pir Muhammad, mdzukulu wa Timur. Bukuli lili ndi zithunzi za thupi lonse, chilichonse chodzaza tsamba: cha mafupa, cha minyewa, cha minofu, cha mitsempha yobweza magazi, cha mitsempha yochokera kumtima, ndi china cha mayi woyembekezera. Munthu wa m'zithunzizi amaoneka ngati wanjuta, miyendo ndi mikono atazitangadza. Pachithunzi cha minyewa, mizere ya mitundu yosiyanasiyana imachoka kumsana n'kutsika ndi mkono mpaka kuzala. Limodzi mwa makope ake akale linalembedwa pamanja mu 1488 ndipo likusungidwa ku America.

Munthu akaona zithunzizi lero akhoza kuseka, poti mkono wake sufanana ndi mkono weniweni. Koma sizinajambulidwe kuti zifanane ndi thupi. Zinali ngati mapu othandiza wophunzira kuloweza kuti mnyewa uwu umachoka apa n'kukafika apo. Patapita nthawi, mu 1465, dokotala wa ku Amasya m'dziko la Turkey, Şerefeddin Sabuncuoğlu, anajambula madokotala ali pantchito, akuwongola mafupa othyoka ndi mfundo zoguluka. Choncho si zoona kuti mabuku a zachipatala a Asilamu analibe zithunzi za anthu. Chimene chinkasowa, kwa iwo ndi kwa anzawo a ku Ulaya a nthawi imeneyo, chinali wojambula woima pambali pa thupi lenilenilo.

Leonardo ndi Vesalius

Wojambula wotero anapezeka ku Italy. M'nyengo yozizira ya 1510 mpaka 1511, Leonardo da Vinci anadzaza mapepala 18 ndi zithunzi zoposa 240 za mafupa ndi minofu. Mkono anaujambula mbali zonse, ngati akuuzunguliza pamaso pa woyang'ana. Anaonetsa bwino lomwe radius ikupingasa pa ulna. Anazindikira kuti mnofu waukulu wa kutsogolo kwa mkono wakumtunda, umene anyamata amaonetsa akamadzitama, sumangopinda chigongono koma umatembenuzanso chikhatho kuti chiyang'ane kumwamba. Pofuna kuonetsa komwe mnofu ukukokera, nthawi zina ankaujambula ngati ulusi. Iye mwini ananena kuti anang'amba mitembo yoposa 30. Koma anamwalira mu 1519 asanasindikize kanthu. Mapepalawo anakathera m'nyumba yachifumu ku Windsor, ndipo anasindikizidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ena atatulukira kale zomwezo paokha. Nzeru yotsekeredwa m'bokosi sinachiritse aliyense.

Amene anasintha zinthu ndi Andreas Vesalius, wobadwira ku Brussels mu 1514, mphunzitsi ku yunivesite ya Padua. Kale mphunzitsi ankakhala pampando wapamwamba n'kumawerenga Galen, wantchito akung'amba mtembo pansi. Vesalius anatsika pampandopo n'kugwira mpeni yekha. Buku lake, lodziwika ndi dzina loti Fabrica, linasindikizidwa ku Basel mu 1543. Zithunzi zake zinasemedwa pamatabwa ku Venice n'kunyamulidwa kudutsa mapiri a Alps. Iyenso anapeza kuti nsagwada ndi fupa limodzi, patapita zaka zoposa 300 chilembereni Abd al-Latif.

Kumayambiriro kwa bukuli kuli chithunzi cha Vesalius mwini, ali ndi zaka 28. Pa ziwalo zonse za thupi, iye anasankha kujambulidwa atagwira mkono wosendedwa khungu, zingwe za zala zikuoneka. Galen anayamba ndi dzanja, ndiye naye anaima pomwepo, koma ndi mkono wa munthu osati wa nyani. Nanga mitemboyo ankaitenga kuti? Ali wophunzira ku Louvain anaba mafupa a munthu wonyongedwa amene anasiyidwa kunja kwa mzinda. Ku Padua woweruza wina, Marcantonio Contarini, ankamupatsa mitembo ya ophedwa ndi boma.

Mkono wa Aris Kindt

Chithunzi chotchuka kwambiri cha mkono wong'ambidwa chinajambulidwa ku Amsterdam mu 1632 ndi Rembrandt, ali mnyamata wa zaka za m'ma 25, ndipo lero chili ku Mauritshuis mumzinda wa The Hague. Bungwe la madokotala ochita opaleshoni mumzindawo linkang'amba mtembo pagulu nthawi yozizira, anthu n'kumalipira polowa. Pachithunzipo Dokotala Nicolaes Tulp wavala chipewa chakuda. Ndi dzanja lamanja wanyamula minofu ya mkono wamanzere wa mtembo pogwiritsa ntchito chopanira, pamene zala za dzanja lake lamanzere wazipinda, kuonetsa zimene minofuyo imachita. Amuna asanu ndi awiri amuzungulira, ena akuyang'ana mkonowo, ena buku lalikulu lomwe lili kumapazi.

Mwachizolowezi ankayamba kung'amba mimba chifukwa ndiyo imafulumira kuwola, koma pachithunzichi mimba ndi yosakhudzidwa. Ambiri amaona kuti Tulp anafuna kuoneka ngati Vesalius wa nthawi yake. Madokotala akhala akutsutsana ngati minofuyo inajambulidwa molondola, moti mu 2006 gulu lina la ku Groningen linang'amba mkono wamanzere n'kuuyerekeza ndi chithunzicho, ndipo linapeza malo angapo osiyana.

Amuna ovala bwinowo analipira kuti nkhope zawo zioneke. Amene sanalipire, ndipo sanafunsidwe, ndi wagona patebuloyo. Dzina lake ndi Adriaan Adriaanszoon, wodziwika kuti Aris Kindt, amene ananyongedwa mu January chaka chomwecho pa mlandu wakuba. Kuwala konse kwa chithunzicho kwagwera pa iye.

Osauka a ku London, ophedwa a ku Vienna

Mu 1832 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo lololeza kuti mitembo ya anthu omwalira m'zipatala ndi m'nyumba za osauka, imene palibe wabwera kudzaitenga, iziperekedwa kusukulu za udokotala. Pansi pa lamulo limeneli, Henry Gray ndi Henry Vandyke Carter anagwira ntchito pachipatala cha St George's ku London, ndipo mu 1858 anatulutsa buku limene lero limatchedwa Gray's Anatomy, lokhala ndi zithunzi 363. Carter, amene anajambula, ankalemba dzina la mnofu pamnofu pomwepo kuti wophunzira asasochere. Iye anapita kukagwira ntchito ku Bombay, Gray anamwalira ndi nthomba mu 1861, koma bukulo likusindikizidwabe mpaka lero. Mikono ya m'kope loyambalo inali ya anthu amene umphawi unawalanda manda.

Nkhani yowawa koposa ndi ya ku Vienna. Eduard Pernkopf, mphunzitsi amene anali wa chipani cha Nazi, anayamba kutulutsa mabuku ake a zithunzi mu 1937. Zithunzizo n'zolondola kwambiri moti madokotala ena osoka minyewa ya m'manja akhala akuzidalira. Koma kafukufuku wa yunivesite ya Vienna wa mu 1998 anapeza kuti mitembo yosachepera 1,377 ya anthu ophedwa ndi boma la Nazi inaperekedwa kusukulu imene iye ankayendetsa. Mabukuwa anasiya kusindikizidwa, ndipo madokotala akukambiranabe ngati n'koyenera kuwatsegula, ndi zomwe ayenera kumuuza wodwala akawatsegula.

Njira ina inatseguka pa 22 December 1895 ku Würzburg, pamene Wilhelm Röntgen anajambula dzanja la mkazi wake Anna Bertha ndi kuwala kwa X-ray. Mafupa anaoneka pamodzi ndi mphete, mwini wake ali moyo. Lero mwana akagwa mumtengo wa mango, dokotala amaona radius ndi ulna popanda mpeni. Komabe ophunzira udokotala m'mayiko ambiri amaphunzirabe pa matupi enieni, ndipo m'malo ochuluka matupiwo tsopano ndi a anthu amene anavomereza okha asanamwalire.

Kwa ana athu amene akuphunzira

Ena mwa inu mukulakalaka udokotala, unamwino kapena ntchito yojambula mafupa. Tsiku lina mudzaima pambali pa thupi la munthu amene simukumudziwa. Ife tinaleredwa kuti mtembo umasambitsidwa, umaphimbidwa ndipo sunyozedwa, ndipo mafunso okhudza malamulo a zimenezi mukawafunse kwa mashehe odziwa. Chimene mbiri ikutionetsa n'chakuti Abd al-Latif, Ibn al-Nafis ndi Vesalius anapita patsogolo chifukwa sanalole kuti dzina lalikulu liwatseke maso. Ikutionetsanso kuti mtengo wa maphunzirowa unagwera kawirikawiri pa anjala, onyongedwa ndi osauka. Mutenge zonse ziwiri: muyang'ane nokha, ndipo musaiwale kuti mukuyang'ana munthu.

Musanapite ku tarawehe usiku uno, yesani ichi ndi ana. Gunditsani chala chachikulu ndi kachala kakang'ono, n'kupindira dzanja m'kati pang'ono. Ambiri aona kamtsempha katatukuka pakati, polumikizira dzanja ndi mkono. Ndi chingwe cha mnofu wotchedwa palmaris longus. Ena sakhala nako ku dzanja limodzi, ena ku manja onse, ndipo mphamvu zawo sizichepa. Madokotala amatha kukatenga n'kukasokera pamalo pena povulala. M'buku mudzakapeza katajambulidwa ngati kuti aliyense ali nako, koma m'nyumba mwanu momwemo mukhoza kupeza wina amene alibe.

Allah alandire kusala kwathu ndi kwanu.